Mtengwa wopanda nkhope pachithunzi

Lenzi imene ndimajambulira ndi yakale kuposa ana anga onse. Ndi yachitsulo, yolemera m'manja, ndipo galasi lake linayamba kufiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Siidzifunira yokha munthu monga amachitira makamera a masiku ano. Umachita kupotoza mkombero wake ndi zala mpaka nkhope itatuluka m'chimbuuzi. Ndinaipeza kwa munthu amene anandiphunzitsa ntchito ku Matero, kuno ku Lusaka, nthawi ya filimu. Filimu itasowa m'masitolo, anzanga anataya zonse. Ine ndinagula kamera yamakono yogwirapo kale ntchito, ndi kamphete kolumikizira, n'kumangapo lenzi yanga yomweyo.

M'kati mwake muli timasamba tachitsulo totseka ndi kutsegula chibowo cholowera kuwala. Ine ndimatsegula mpaka kumapeto, pamene analemba 1.4. Ndimatero chifukwa nyumba za m'komboni ndi zamdima. Zenera limakhala limodzi, kawirikawiri lotsekedwa ndi njerwa poopa akuba, ndipo magetsi amabwera akafuna okha. Fulashi sindiifuna. Imayeretsa munthu ngati wadzola phulusa. Koma lenzi ikatsegulidwa chonchi, malo ooneka bwino amakhala opyapyala kwambiri. Ukalunjika pa diso, khutu layamba kale kusungunuka. Woima kumbuyo amasanduka utsi. Izi ndinazidziwa ndili mnyamata, ndipo sindinaganizepo kuti zingathetse banja la munthu.

Chaka china chaposachedwapa, mvula ili pakati, anandiitana ku Kanyama. Wondiitanayo anali mnzanga wa kutchalitchi, mkulu amene makolo ake, monga anga, anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito. Anawotcherera zitsulo kumafakitale mpaka chifuwa chinamugwetsa. Mkazi wake anamwalira kale. Ankafuna chithunzi chimodzi cha banja lonse, atumize kwa abale kumudzi iye akadali ndi mpweya.

Ndinapita masana. Madzi anali ataima m'njira zonse, obiriwira, osayenda. Anthu anali ataponyamo njerwa ndi matayala zopondapo. Achule ankalira ngati kwada. Kamera ndinaikulunga m'pulasitiki n'kuibisa m'jekete, ndipo ndinayenda ngati mbalame ya m'dambo, kuchoka panjerwa iyi kupita pa iyo.

Wodwalayo anali atamukhazika pampando pabalaza, atamufunditsa bulangete mpaka m'chifuwa. Kunja sakanatuluka, chifukwa pabwalo panali madzi ofika m'akakolo. Ana ake awiri aamuna anakhala wina uku, wina uku. Panalinso mlongo wake wa wodwalayo, amene anawo amawatcha azakhali. Anachokera ku Chawama kudzadwazika matenda, ndipo nyumba yonse inkayenda ndi mawu awo. Magetsi kunalibe. Ndinatsegula chitseko chakunja n'kuima pambali pake kuti kuwala kudutse.

Panatsala munthu mmodzi, mtengwa, mkazi wa mwana wamng'ono. Kwawo kunali ku Katete. Ndiye ankaphika phala la wodwalayo, kuchapa zofunda zake ndi kutunga madzi. Koma phalalo ankalisiya pakhomo, wina n'kukalipereka. Ndi mwambo wathu. Mtengwa sayandikira apongozi ake aamuna, sawayang'ana kumaso, salankhula nawo popanda wapakati. M'Lusaka muno ambiri anausiya mwambowu. M'nyumba imeneyo unalipo wathunthu. Mtengwayo anagwada pakhomo la chipinda cham'kati, kumbuyo kwa onse, atamanga mpango woyera kumutu.

"Mayi, senderani kutsogolo," ndinatero. "Mukhale mzere umodzi ndi anzanu."

Azakhali anaseka osatsegula pakamwa. "Bambo, imvi zonsezo simukudziwabe? Asendere kuti, pamiyendo pa apongozi ake?"

"Pamenepo satuluka bwino."

"Atuluke mmene atulukire. Bola alipo."

Ndinayang'ana mwamuna wa mtengwayo. Iye anayang'ana pansi. Nyumba inali ya eni, mwambo unali wa eni. Ndinaika diso pakamera, ndinapotoza mkombero pang'onopang'ono mpaka diso la wodwalayo linatuluka, lonyowa, lachikasu m'mbali. Ndinagwira mpweya n'kudina.

Chithunzicho ndinakachitsukitsa mutauni, ndipo mwana wamkulu anadzachitenga. Ndinachiyang'ana kamodzi. Mnzangayo anatuluka bwino kwambiri, khwinya lililonse pamalo pake, ndi zipsera za moto wa zitsulo pamasaya. Ana ndi azakhali anatulukanso. Ntchito yanga imakhala pamene ndalunjika. Zakumbuyo sindichedwa nazo.

Patapita masabata angapo, m'mawa wina ndili pakhonde kwanga ku Matero ndikupukuta lenzi, ndinaona mayi ataima pageti. Analowa, anagwada chapatali.

"Ba mudala, mwauka bwanji?"

"Ndauka. Si inu a ku Kanyama?"

"Ni ine." Anamasula kansonga ka chitenje n'kutulutsa chithunzi chija. Chinali chitapindika m'makona, chifukwa chinali chitadutsa m'manja ambiri. Anachipereka ndi manja awiri. "Nifuna munionetse pamene nili ine."

Ndinavala magalasi. Tsopano ndinayang'ana kumbuyo kuja.

Pakhomo la chipinda panagwada chinthu. Mpango woyera unali utayenderera ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Pansi pake panalibe mphuno, panalibe pakamwa. Panali mabowo awiri akuda, aatali, otsika ngati akudontha. Malata a chipinda cham'katicho anali ndi timabowo ta misomali yakale, ndipo lenzi inatisandutsa timikombero towala, tambirimbiri, tozungulira mutu wake ngati maso a zinthu zoima mumdima. Ndajambula anthu moyo wanga wonse. Ndikudziwa chimene galasi limachita. Komabe thupi langa linachita tsembwe.

Anandiuza zonse, maso ali pansi. Azakhali anatenga chithunzicho n'kupita nacho kwa mneneri wina wopempheretsa m'tenti. Mneneriyo anati kamera yaona chimene maso a anthu akhala akulephera kuona. Kenaka anayamba kuwerengera mayiyo zinthu zakale. Mimba zake ziwiri zinapita padera. Chifuwa cha apongozi chinakula iye atalowa m'nyumbamo. Chithunzicho anachijambulanso ndi foni n'kuchitumiza ku Malawi, ndipo abale a kumeneko anayankha kuti munthu wotere asagonenso pansi pa denga limodzi ndi wodwala. Loweruka lotsatira ankhoswe ankabwera kudzamubweza kwawo.

"Amuna anu akuti chiyani?"

"Sibakamba. Bagona pa sofa masiku ano."

Ndinamufotokozera. Ndinaimika dzanja langa pafupi ndi nkhope yake, lina ndinalitambasula kutali, ndinamuuza kuti lenzi yotsegula imasankha limodzi, linalo imalitaya. Ndinamuuza kuti aliyense wogwada pakhomo paja akanatuluka chimodzimodzi, ngakhale abusa. Anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza. Kenaka anafunsa funso limene sindinaliyembekezere.

"Ba mudala, pamene munayang'ana mu kamera tsiku lija, munaona nkhope yanga, olo munaona ichi?"

Sindinama. M'kamera umaona chimene lenzi ikuona.

"Ndinaona ichi," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene auzidwa zotsatira kuchipatala.

"Nasiya kuyang'ana pagalasi," anatero. "Nikatunga madzi, niyang'ana kumbali. Niopa kuti mwina bakamba zoona. Mwina munthu angankhale chinthu, osaziba."

"Musandiuze zopusa pakhonde panga," ndinatero. Ndinalankhula mokalipa chifukwa mawu akewo anandilowa. "Pitani. Loweruka ndibwera."

Palibe amene anandiitana Loweruka limenelo. Koma chithunzicho chinali changa, ndipo ine sindilola ntchito yanga kuimirira pamlandu ine kulibe.

Masiku otsalawo sindinakhazikike. Ndinene chinthu chimene ajambuli anzanga sanena. Munthu wosavuta kumulunjika ndi lenzi yotsegula ndi wakufa. Sapuma. Ukamupeza wamupeza. Ndajambula mitembo yambiri ku Matero, ku George ndi ku Chawama, chifukwa abale akutali amafuna kuona nkhope yomaliza. Wamoyo ndiye amavuta. Akakoka mpweya amabwera, akautulutsa amapita, ndipo iwe umamudikira pamalire ngati mlenje. Ukamapotoza mkombero, nkhope zimachokera m'nkhungu n'kubwereranso m'nkhungu. Nthawi zina ndimaloza lenzi kumsewu popanda chifukwa, ndipo m'chimbuuzimo mumaima anthu amene ndikuwadziwa, amene ndinawaperekeza kale kumanda. Mapewa awo omwewo, kaimidwe komweko. Ndikapotoza pang'ono, ndi nthochi, kapena malaya apachingwe. Ndimadziwa. Koma kudziwako sikuthandiza.

Loweruka mvula inagwa kuyambira m'mawa, yamvumbi. Ndinafika ku Kanyama nsapato zitadzaza madzi. Ndinati odi, ndinalowa osadikira yankho.

Chipinda chinali chomwecho, mdima womwewo. Wodwalayo anali pampando wake, atachepa kwambiri, khosi litatsala mitsempha. Ana ake anali pomwepo. Panawonjezeka ankhoswe awiri, wina wa kuchimuna, wachikulire, wina wa kuchikazi, wochokera ku Kalingalinga, atapanira chipewa pakati pa mawondo. Chithunzi chija chinali patebulo, chitavundikiridwa ndi mbale. Mtengwa anagwada pakhomo lomwe lija. Kumbuyo kwake kunali chikwama chomangamanga kale. Pakona, madzi ankadontha kuchokera kudenga kugwera m'chidebe.

Azakhali anaona kamera ili pakhosi panga.

"Maliro sanachitike, mwabwera nacho kale chinthu chanucho?"

"Ndabwera kudzalankhulira ntchito yanga," ndinatero. "Chithunzi chimene mwachivundikiracho ndinajambula ndine. Muzindifunsa ine, osati wa m'tenti."

Nkhoswe yachikulire inandilozera mpando. Sindinakhale. Ndinafotokoza mwachidule, monga ndinamufotokozera mayi uja. Kenaka ndinati kwa azakhali, "Mayi, inu muli ndi mtima woyera, aliyense akudziwa. Kagwadeni pakhomo paja, ndikujambuleni. Tione ngati mutuluke ndi mphuno."

"Ine?" anatero azakhali. "Mundiloze ndi diso limene laona mitembo ya Matero yonse? Kagwadeni nokha."

"Nanga adina ndani?"

Ndinatembenukira kwa mwana wamkulu. Anaseka, koma kusekako sikunafike m'maso. "Ah, ba mudala, ine nili na bana." Mwamuna wa mtengwayo sanadzutse mutu. Ankhoswe anayang'ana nsapato zawo. Anthu akuluakulu, opita kutchalitchi, ndipo panalibe mmodzi wofuna kugwada pakhomo la m'nyumba yake yomwe.

Mwana wamkuluyo anatulutsa foni, mwina chifukwa cha manyazi. Analoza mlamu wake n'kudina, foni n'kuwalitsa chipinda chonse. "Onani," anatero. "Balipo chabe bwino. Mphuno, vonse."

Azakhali sanayang'ane n'komwe. "Foni ndi chidole. Imakongoletsa aliyense, ngakhale wakuba. Lenzi yakale ija ndiyo siinama. Kapena ndikunama, bambo a zithunzi? Si inu mumatiuza zimenezi paukwati uliwonse?"

Ndinali ine. Zaka zonsezi ndakhala ndikunena kuti mafoni ndi zidole, ndipo ndimanenabe. Sindikanameza mawu angawo pamaso pa anthu.

"Chabwino," ndinatero. "Ndichepetsa chibowo, ndiike kamera patebulo kuti isagwedezeke. Nonse mutuluka, a kutsogolo ndi a kumbuyo omwe."

"Ayi. Mukufuna mulitsinzinitse diso kuti lisaone. Ngati mukujambula, jambulani monga tsiku lija. Musakhudze kanthu," anatero azakhali.

Ndikajambula monga tsiku lija, chinthu chija chibweranso pakhomo. Ndikasintha, ati ndabisa. Nkhoswe ya kuchikazi inali itayamba kale kutembenuza chipewa chake m'manja, monga amachitira munthu amene wavomera mumtima ndipo akungofuna mawu aulemu onyamukira. Mtengwa sanalire. Anangogwada, manja ali pamiyendo, ndipo mumdima umenewo, ngakhale ndi maso anga enieni, nkhope yake sinkaiona bwino.

Wodwalayo anakhosomola nthawi yaitali. Tonse tinadikira. Chifikireni changa anali asanalankhule.

"Achimwene," anatero kwa ine, mawu ali okhakhala ngati tupa pachitsulo. "Osasintha kanthu pachinthu chanucho. Kuti atuluke bwino, pafunika chiyani?"

"Akhale pambali panu. Phewa ndi phewa. Palibe njira ina."

"Zimenezo ndiye ayi!" anatero azakhali. "Achimwene, matenda akuzunguzani mutu. Mtengwa pambali pa apongozi? Kumudzi akamva ati chiyani?"

Wodwalayo anatembenuzira maso kwa nkhoswe yachikulire. "Inu mukudziwa za makolo. Mpongozi akafuna kuthetsa manyazi ndi mtengwa wake, amatani?"

Nkhosweyo inakanda chibwano. "Amapereka kanthu pamaso pa ankhoswe. Nkhuku, kapena chiwiya cha m'nyumba. Mtengwa akalandira, basi, wasanduka mwana. Koma zimachitika pakabadwa ana."

"Ana ndiwadikira kuti? Nkhuku ndilibe."

Pambali pa mpando panali kapu yachitsulo imene ankamwera madzi, yokobokakoboka m'mphepete. Anaitola ndi manja awiri. Timadzi totsalira tinatayikira pabulangete. Sanatembenuke, chifukwa khosi silikanalola. Analankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Mwana wanga, bwera udzatenge."

Aka kanali koyamba kulankhula naye mwachindunji chilowereni m'nyumbamo. Azakhali anadzuka n'kukaima kukhoma, atapinda manja. Mwana wamng'ono anasuntha mpando wake, n'kusiya malo pambali pa bambo ake. Ndicho chinthu chokha chimene anachita tsiku limenelo.

Ndinabwerera pambali pa chitseko, pamene ndinaima tsiku loyamba. Ndinaika diso pakamera. Ndinapotoza mpaka diso la mnzangayo linatuluka, kenaka ndinachotsa zala pamkombero kuti onse aone kuti sindikukhudza kanthu.

Kumbuyo kwake chinthu chija chinalipo. Utsi woyera, mabowo awiri, timaso towala tozungulira. Kwa kanthawi sichinasunthe. Madzi ankadontha m'chidebe. Kenaka chinayamba kubwera.

Mayiyo ankayenda ndi mawondo pasimenti yozizira, ndipo ndinkamva chitenje chikukhwekhwereza. Koma m'kamera munalibe mayi. Munali utsi ukuyandikira, ukukula, mabowo aja akundiyang'ana. Timaso towala tinatsalira pakhomo. Ndinafuna kuchotsa diso. Sindinalichotse. Utsiwo unayamba kuuma m'mphepete. Chibwano chinabwera choyamba. Kenaka milomo, yong'aluka ndi ludzu. Kenaka mphuno, ndi kachipsera kakang'ono patsaya kamene ndinali ndisanakaone. Mabowo aja anafupika, anachita m'mphepete, anamera nsidze. Anafika pambali pa mpando, anatambasula manja awiri n'kugwira kapu. Anadzutsa nkhope. Maso ake anatuluka onse awiri, ofiira, onyowa, nsidze iliyonse payokha.

Ndinagwira mpweya. Ndinadina.

Kamera yamakono ili ndi kagalasi kumbuyo koonetsa chimene wajambula. Ndinali ndisanayang'anepo pamene onse anandizungulira, ankhoswe, ana, ngakhale azakhali amene anasuzumira paphewa la mwana wamkulu.

Mtengwa anatuluka. M'moyo wanga sindinajambulepo nkhope yomveka ngati imeneyo. Kapu inatuluka, ndi zala zinayi za wodwalayo zikadali pa iyo. Bulangete linatuluka, ulusi uliwonse. Pamwamba pa bulangetelo panalibe munthu. Panali utsi wotuwa, ndi mabowo awiri akuda.

Kunja achule anali atasiya. Mwana wamng'ono anati, "Atate," motsitsa, osayang'ana bambo akewo koma kagalasiko.

"Anatsamira kumbuyo," ndinatero mokweza. "Atapereka kapu anatopa, anatsamira. Ndi zokhazo. Tibwereze."

Palibe anasuntha kupita pamalo pake.

"Ndioneni nane," anatero wodwalayo.

Ndinamufikitsira kamera pafupi. Anayang'ana nthawi yaitali. Sindikudziwa ngati maso ake ankaonabe zinthu zazing'ono chotero.

"Mwana watuluka?"

"Watuluka."

"Zakwana. Musabwereze." Anatseka maso. "Chikwamacho chimasulidwe."

Azakhali anapeza mawu awo. "Simukuona? Wamulanda nkhope! Pamaso pathu pomwe, wamulanda!"

Nkhoswe yachikulire inabwerera pampando wake pang'onopang'ono. Inachotsa mbale imene inavundikira chithunzi choyamba, inachiyang'ana, inachivundikiranso.

"Mayi," inatero, "munatiitana kuti wopanda nkhope pachithunzi ndiye mfiti. Lero wopanda nkhope ndi mlongo wanu. Tikanene chiyani kumudzi? Sankhani nokha, ife tikanena chomwecho."

Azakhali anabwerera kukhoma kuja.

"Kapu yaperekedwa ife tikuona," inapitiriza nkhosweyo. "Yalandiridwa. Uyu tsopano ndi mwana wa m'nyumba muno. Mwana sabwezedwa kwawo, kwawo ndi kuno. Kapena anzanga a kuchikazi muli ndi mawu ena?"

Nkhoswe ya kuchikazi inavala chipewa chake, inachivulanso pokumbukira kuti ili m'nyumba. "Ine ndilibe," inatero.

Mtengwa anali akadagwada pambali pa mpando, kapu ili m'manja. Ndinamupatsa kamera kuti aone. Anapukuta dzanja limodzi pachitenje, koma sanaigwire. Anangoweramira. Anadziyang'ana, anakweza chala n'kukhudza kachipsera ka patsaya lake lenileni. Kenaka maso ake anapita pa utsi wa pambali pake, n'kukhala pamenepo. Ndinazimitsa kagalasiko.

Ndinatuluka osatsanzikana bwino. Mvula inali itakata. Panjira ndinapondera pambali pa njerwa kawiri, ine amene sindiphonya popondera.

Mnzangayo anamwalira mvula isanathe. Uthenga unandipeza kudzera kutchalitchi, ndipo unabwera ndi pempho lakuti ndipite wopanda kamera. Ndinapita chimanjamanja, kwa nthawi yoyamba pamaliro a munthu amene ndimamudziwa. Pabenchi la amuna, anthu awiri amene ndinakhala pakati pawo anapeza zifukwa zodzukira. Nkhani inali itayenda Kanyama yense. Ena ankati lenzi yanga imaonetsa amene ali paulendo. Mayi wina anaphimba nkhope ya mwana wake ndi chitenje pamene ndinkadutsa, ngakhale m'manja mwanga munalibe kanthu. Chithunzi chimene anaika pabokosi chinali cha pafoni, chakale, mnzangayo atavala ovolosi.

Mtengwa uja anakhala m'nyumba pafupi ndi bokosi, pamalo a ana, ndipo palibe anamuchotsa. Azakhali anakhala mbali ina. Titabwerako kumanda, mtengwayo ndiye anatuluka ndi beseni ndi jagi kudzasambitsa amuna m'manja. Anayenda mzere wonse. Atafika pa ine anagwada, anapendeketsa jagi, ndipo analankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Ba mudala, munabaona batate pamene banatsamira?"

"Anatsamira. Lenzi singachite zimenezo mwanjira ina."

"Koma imwe munabaona?"

Madzi ankatsika m'zala zanga kugwera m'beseni.

"Diso langa linali pa inu," ndinatero.

"Na ine sininabaone," anatero. "Ninali pafupi, phewa na phewa. Sininamve mpando kulira."

Anandipatsa kansalu kopukutira, anadzuka, anapita kwa wotsatira.

Azakhali anabwerera ku Chawama maliro atatha. Mayiyo akadali m'nyumba ya ku Kanyama ndi mwamuna wake, ndipo amagulitsa tomato ndi makala pakhomo. Ndikadutsa amandipatsa moni, nanenso ndimayankha. Za tsiku lija sitikambanso. Anthu ena akandifunsa, ndimawauza kuti mkuluyo anatsamira.